Makilomita Awiri Kuchokera Padoko

Lolemba pa 21 Okotobala 2024, nthawi ili 9 koloko m'mawa, injiniya wa msewu, mayi Tamanda Kalonga, anaika kalata patebulo la Veronica Nakhumwa, woyang'anira katundu wa kampani. Kalatayo inali isanasayinidwe. Inkanena kuti makalavati asanu ndi atatu asowa m'manja mwa woyang'anira katundu, ndipo akapanda kupezeka pofika Lachisanu pa 25, nthawi ya 12 koloko masana, woyang'anirayo apereke makiyi a yadi, ntchito yatha.

"Sindikunena kuti mwaba," anatero a Tamanda. "Ndikunena kuti mabwana ku ofesi akufuna dzina la munthu, ndipo dzina lili pamapepala ndi lanu."

Veronica anali atagwira ntchitoyo zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Kampani inkakonza msewu wa makilomita 14, wochokera padoko la m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kudutsa m'munsi mwa sikimu ya mpunga ya Likangala. Yadi yosungira katundu inali makilomita 9 kuchokera kunyanja. Simenti, zitsulo, kwale, mchenga, zonse zinkatuluka pageti limodzi, ndipo palibe chinkatuluka chopanda pepala lolembedwa ndi dzanja la Veronica. Pepala loyera linkapita ndi dalaivala n'kubwerera litasayinidwa ndi wolandira katundu. Lachikasu linkatsala m'buku.

Makalavati ndi mapaipi aakulu a simenti odutsitsa madzi pansi pa msewu. Pamalo pomwe ngalande yotaya madzi a m'sikimu imadutsa msewu pankafunika 24: mizere itatu, mzere uliwonse makalavati asanu ndi atatu. Mvula isanayambe, mizere yonse inayenera kukhala itakwiriridwa.

Veronica anatulutsa mapepala atatu n'kuwayala patebulo. Nambala 0412, Lachiwiri pa 11 Juni, makalavati 8. Nambala 0655, Lachiwiri pa 20 Ogasiti, makalavati 8. Nambala 0803, Lachiwiri pa 8 Okotobala, makalavati 8. Lole inali yomweyo, dalaivala yemweyo, che Rajabu. Malo otsitsira analembedwa mofanana pa onse atatu: makilomita awiri kuchokera padoko. Onse atatu anabwerera atasayinidwa.

"Ndiye 24 anatuluka, 24 analandiridwa," anatero Veronica.

"Ndipo 16 ndi amene alipo," anayankha a Tamanda. "Ndawawerenga ndekha Loweruka."

Veronica anawonkhetsanso manambalawo ngakhale sanafunikire kuwonkhetsa. Anayang'ana masiginecha. Pepala la Okotobala anasayina ndi a Pearson, kapitawo wa pamalowo. La Ogasiti anasayina ndi Davie, mmisiri wa pansi pa a Pearson. La Juni linali ndi dzina lolembedwa pang'onopang'ono, zilembo zazikuluzikulu zotsamirana, loyamba ndi F. M'buku la antchito munalibe munthu wa dzina loyamba ndi F.

Lachiwiri m'mawa anakwera njinga ya kabaza kupita komwe ankakumba. Anapeza a Pearson ataima m'dzenje lofika m'chiuno, chipewa chili chakumbuyo. Mizere iwiri inali itayalidwa kale. Malo a mzere wachitatu anali pululu.

"Kwabwera boma," anatero a Pearson, osatuluka m'dzenjemo. "Mwatibweretsera chiyani, mayi, mapepala? Tiyale mapepalawo madzi azidutsamo?"

"Akapitawo, F ndi ndani?"

A Pearson anapukuta manja pathalauza, n'kutenga pepalalo, n'kulitembenuza chadodolido.

"Ine anthu anga ndi Davie, Edwadi, Brighton ndi aganyu. F sindimudziwa. Ndiponso pa 11 Juni pano panalibe munthu. Panali madzi ofika m'mawondo. Ife tinayamba kukumba pa 2 Sepitembala."

"Nanga Davie anasayina bwanji pa 20 Ogasiti?"

"Ankadula tchire m'mbali mwa msewu. Ndipo ameneyo, Rajabu wanuyo, mumuuze. Anawatsitsa kutali uko, mamita 500 kumtunda. Tinachita kuwagubuduza anthu sikisi, tsiku lathunthu. Msana wangawu mpaka lero. Ulesi basi, ankathamangira kukadya."

Veronica analemba m'kabuku kake: Ogasiti, mamita 500 kumtunda. Sanadziwe chifukwa chimene analembera.

"Mukafuna kumva zoona," anatero a Pearson motsitsa mawu, "makalavati anuwo ali kuchilumba, ku Chisi. Anthu amawafuna pomanga zitsime. Funsani kudoko."

"Kalavati angakwere bwato?"

"Ng'ombe imakwera."

Lachitatu che Rajabu anabwera kuyadi kudzatenga mchenga. Anali bambo wa zaka zoposa 50, wochepa thupi, woyendetsa lole kuyambira 1998. Veronica anawaonetsa pepala la Juni.

"Mukukumbukira, che Rajabu?"

"Achemwali, chaka chino ndayenda maulendo angati msewu uno? Mwina 300. Koma ine sindisokoneza. Pepala likati makilomita awiri kuchokera padoko, ndimakafika padoko penipeni, ndimatembenuza lole, ndimafufuta mita iyambire paziro, ndimayenda. Ikafika pa thu, ndimaima. Kwerani ndikuonetseni."

Anakwera. Anadutsa a Pearson osaima, anadutsa minda youma, anadutsa mgwalangwa wautali woima wokha pambali pa msewu, kenako msewu unasanduka mikwasa ya matayala pamatope ouma ong'aluka. Anafika padoko 10:40. Panali zisakasa zisanu, mabwato, boti limodzi la injini lopita ku Chisi, ndi matemba oyanikidwa pamikeka. Che Rajabu anatembenuza lole, anadina kabatani, mita inasonyeza ziro. Anayenda pang'onopang'ono. Mita itafika pa 2.0 anaponda buleki.

Anali pamphepete pa dzenje la a Pearson, tayala lakutsogolo litatsala pang'ono kugunda mulu wa dothi.

"Si apa?" anatero che Rajabu.

Veronica anatsika. Anayang'ana uku ndi uku. Panali makalavati 16 m'dzenje, ndi a Pearson atagwira m'chiuno.

"Ndiye pa 11 Juni munatsitsa pano?"

"Makilomita awiri. Mwaona nokha."

"Akapitawo akuti pano panali madzi ofika m'mawondo."

Che Rajabu anakanda m'mutu, pansi pa kapu. "Madzi ayi. Pouma. Panali mayi wina akupuntha mpunga, ndi amene anasayina. Anandipatsa madzi akumwa m'chikho cha buluu. Kumbuyo kwake kunali nyumba yamalata."

Onse atatu anayang'ana mozungulira. Panalibe nyumba, yamalata kapena yaudzu. Munda wa mpunga wapafupi unali kutali, kumtunda. Panali ngalande, bango ndi dothi lakuda.

"Nyumbayo yakweranso bwato," anatero a Pearson.

"Akapitawo, musandiseke. Ine ndimapemphera kasanu patsiku, sindinama chifukwa cha simenti."

"Nanga mu Ogasiti munatitsitsiranji kutali?"

"Kutali kuti? Mita inali pa thu."

"Ndiye mita yanuyo ndi yakufa."

"Yakufa yafika bwanji padzenje lanu lero?"

Pobwerera kuyadi Veronica anawerenga zikhomo za makilomita zomwe anyamata a saveya, oyeza msewu, anakhoma mwezi wa Sepitembala, n'kuyerekeza ndi mita ya lole. Zinkagwirizana. Mita inali yabwino. Dalaivala sankaoneka wonama. Mapepala anali olondola. Makalavati asanu ndi atatu kunalibe.

Madzulo a tsikulo anatsegula pulani ya msewu yomwe inapachikidwa m'kontena momwe munali ofesi yake. Pakona panalembedwa tsiku limene anayeza msewuwo: Okotobala 2022. Poyambira msewu panali kadontho ndi mawu akuti 0+000, doko. Pamalo a ngalande panali 2+000. Mawu a pamapepala ake anawatenga pamenepo, mwezi wa Januwale, chifukwa madalaivala sankamva za 2+000. Anawerenganso, osapezapo cholakwika. Anapinda kalata ya a Tamanda n'kuiika m'thumba la diresi, ngati kuti ikakhala patebulo isayinidwa yokha.

Lachinayi pa 24 anapita kudoko yekha, pakabaza, kukafunsa za Chisi. Sankakhulupirira nkhani ya a Pearson, koma analibe ina. Anafika 8:15.

Mwini boti la injini, a Imran, anali kuthira mafuta. Anamvetsera funso lonse mpaka kumapeto.

"Kalavati mmodzi amalemera bwanji, mayi?"

"Pafupifupi matumba sikisi a simenti."

"Ndiye makalavatiwo alipo eyiti?"

"Eyiti."

"M'boti muno?" A Imran anaseka pang'ono. "Madzi ake ati? Taonani." Anaviika ndodo m'madzi n'kuitulutsa. Inanyowa pang'ono chabe, osafika ndi pachigongono. "Tikukanika kunyamula anthu teni ndi matumba awo. Ndiye chifukwa chake lero tikusamuka."

Veronica anatembenuka. Amuna anayi anali atanyamula chisakasa chonse chamtiyi, mitengo ndi denga lomwe, aliyense mwendo umodzi, akuyenda nacho chakunyanja. Kumbuyo kwawo kunkabwera mayi atasenza benchi, ketulo ili m'manja. Mnyamata wokonza njinga ankazula zikhomo zake. Ena ankakoka mabwato pamatope.

"Mukupita kuti?" anafunsa Veronica.

"Kutsata madzi," anatero mayi wa tiyi, osaima. "Doko lasamuka. Kachinayi chaka chino. Ine miyendo ya chisakasa yatha n'kuzula."

Veronica anabadwira kwa Kuntumanji. Kuti nyanja ya Chilwa imabwera ndi kubwerera anazidziwa asanayambe sukulu. Mu 2018, nyanja itaphwa kwambiri, anaonapo anthu akuyenda pansi pomwe kale pankadutsa mabwato. Mu Juni chaka chomwechi anaperekeza mlamu wake wopita ku Chisi, ndipo anadya naye mandasi pabenchi yomweyi. Anayesa kukumbukira pomwe benchiyo inali tsiku limenelo. Panali mthunzi wopyapyala, wautali.

"A Imran, mu Juni munkakocheza pati?"

"Pamgwalangwa. Chingwe ndinkamanga pamtengo womwewo."

"Mu Ogasiti?"

"Pachulu, apo pali mbuzi apo. Pano tinabwera kumayambiriro kwa mwezi uno."

Veronica anatsegula kabuku kake pomwe analemba za mamita 500. Kenako anaimbira foni che Rajabu, omwe anali panjira ndi mchenga.

Lole inafika 9:50. Veronica anakwera osafotokoza, n'kunena kuti mita iyambire paziro pomwe panali doko dzulo lake. Pachulu inasonyeza 0.5. Pamgwalangwa inasonyeza 1.1.

"Imani. Fufutaninso."

Che Rajabu anayang'ana mtengowo, anayang'ana Veronica, anayang'ananso mtengowo. Pathunthu panali pothetheka pomwe zingwe za mabwato zinadya khungwa.

"Mu Juni ndinatembenuzira pano," anatero pang'onopang'ono. "Linali doko."

"Linali doko."

"Ndiye ine sindinalakwe."

"Simunalakwe."

"Nanga walakwa ndani?"

"Tiyeni kaye."

Mita ili pa 0.9 anadutsa dzenje la a Pearson. A Pearson anakweza manja kuti mchenga wawo utsike, lole osaima, ndipo anayamba kuithamangira akutukwana. Pa 1.4 anadutsa pomwe makalavati a Ogasiti anagwera. Kutsogolo kunkaoneka utsi. Alimi anali atayamba kutentha ziputu m'minda pokonzekera mvula. Pa 2.0 panali nyumba yamalata kudzanja lamanja, ndipo pakati pa nyumbayo ndi msewu panali mulu waukulu wa mapesi a mpunga, wautali kuposa munthu. Veronica anali atadutsa muluwo kasanu sabata yomweyo. Mbali yake yakum'mawa inali ikuyaka. Mayi wina atavala mpango wobiriwira ankamenya motowo ndi nthambi yaiwisi, yekha.

Che Rajabu sanafunse. Anabweza lole chafutambuyo mpaka pamoto, n'kukweza bodi. Mchenga wa a Pearson unakhuthukira pamapesi oyakawo. Potsala anazimitsa ndi mafosholo awiri a m'lole ndi ndowa zitatu za madzi. Zinatenga mphindi 20.

Mayi uja anakhala pansi, akupuma movutikira, nkhope ili bii ndi mwaye. Anayang'ana che Rajabu.

"Ndinu amene. Munati eni katunduyu abwera mawa."

"Ndinatero, achemwali."

"Mawa lake ndi lino? Mpunga ndinakolola, ndinagulitsa, ndinadya, watha."

Dzina lawo linali a Farida. Veronica anawaonetsa pepala 0412, ndipo iwo analoza zilembo zawo ndi chala chakuda, n'kusiya chidindo pambali pake.

"Makalavati ali kuti, mayi?"

A Farida analoza muluwo ndi nthambi ija. Che Rajabu anakankha mapesi ndi fosholo, ndipo panaoneka kamwa lozungulira la simenti, m'kati muli nkhuku itafungatira mazira.

"Munawabisiranji?" anafunsa Veronica.

"Nanga sindinasayine? Sabata yoyamba yomweyo kunabwera anthu atatu, wina ndi ngolo, akuti tigaireni mmodzi wa chitsime, a msewu aiwala. Ndinati zikasowa izi agwira ine, dzina langa lili kuboma. Ndiye popuntha mpunga mapesi ndinkaponya pamwamba. Moto uwu si wanga, ndi wa m'munda mwa achimwene awo a amuna anga, mphepo yatembenuka."

"Simunauze a msewu?"

"Ndinauza wa chigalimoto chosalaza msewu, anati iye za makalavati sizimukhudza. Ndinauza wina wa chipewa chachikasu, anati makalavati onse ali kwa akapitawo, ndipo ndi okwana. Ndinati kaya, mwina awa ndi ena."

A Pearson anafika wapansi, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana mchenga, anayang'ana mapesi, anayang'ana nkhuku.

"Mchenga wanga," anatero.

Anafukula onse mpaka 1 koloko. Analipo asanu ndi atatu. Asanu ndi awiri anali abwinobwino. Wa kumapeto, mbali yomwe kunali moto, anali atang'aluka kuchokera kukamwa mpaka pakati. A Pearson anamugogoda ndi fosholo, ndipo analira ngati mphika wosweka.

Lachisanu pa 25, 10 koloko, a Tamanda anafika pakhomo pa a Farida pagalimoto yakampani. Anawerenga makalavati kawiri. Kenako Veronica anawapempha kuti apite kunyanja. Anaima pamgwalangwa, anaima pachulu, anaima pomwe panali doko Lachitatu, pomwe tsopano panali maenje a mitengo ya zisakasa ndi mamba a nsomba. Doko latsopano linali mamita 300 kutsogolo. Chapafupi, m'matope ouma, a Tamanda anapeza bikoni ya saveya wa 2022, kachipilala ka simenti kolembedwa 0+000, katamera ndere zouma mpaka pamwamba.

"Mu Juni iyi inali pansi pa madzi," anatero Veronica.

A Tamanda anawerama n'kukanda nderezo ndi chala. Anakulira ku Blantyre, ndipo doko lomwe ankalidziwa linali lomangidwa ndi simenti.

"Ndiye mukundiuza kuti ziro wa msewu wanga amayenda."

"Ziro sayenda, madamu. Doko ndi limene limayenda."

"Koma pulani ikuti ziro ndi doko."

"Mu Okotobala."

"Inu munkadziwa kuti doko limasamuka?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga munalemberanji padoko?"

Veronica anaganiza. Sanafune kunama, ndipo yankho loona silinkamveka bwino ngakhale kwa iye mwini.

"Doko la papulani ndi doko lokwerera bwato, m'mutu mwanga sizinakumanepo. Mawuwo ndinalemba ndine. Che Rajabu anatsatira zomwe ndinalemba."

Anatulutsa kalata ija m'thumba, yopindikapindika, n'kuipereka. Nthawi inali 11:25. A Tamanda anaifunyulula n'kuiwerenga ngati sanailembe okha.

"Kalatayi ikuti asanu ndi atatu asowa. Sanasowe. Mmodzi wang'aluka, ndilemba kuti ndi moto wa m'munda, ndipo m'yadi muli apadera angati?"

"Awiri."

"Mmodzi atuluke lero." Anapinda kalatayo, koma sanaiike m'chikwama. "Mapepala ena olembedwa padoko alipo?"

Veronica anali atawawerenga kale m'mawa, asananyamuke kuyadi.

"61, kuyambira pa 15 Januwale. Kwale, mchenga, miyala ya m'mbali mwa ngalande, dothi lofiira maulendo 34."

"Ndiye dothi limenelo lili pati?"

"Zitengera tsiku lake, madamu. Pepala lililonse liyenera kufunsidwa kuti doko linali pati tsiku limenelo."

"Angadziwe ndani zimenezo?"

"Mayi wa tiyi. Amakumbukira tsiku lililonse limene anazula chisakasa."

A Tamanda anayang'ana kunyanja, komwe utsi wa ketulo unkakwera pakati pa mabwato. Anang'amba kalata ija pakati, n'kuika zidutswazo m'thumba la jekete.

"Makiyi khalani nawo. Pofika Lachisanu likudzali ndikufuna mndandanda wa mapepala onse 61, lililonse ndi malo ake enieni. Ndipo kuyambira lero muzilemba nambala ya chikhomo, osati dzina la malo."

Masana omwewo Veronica analemba pepala nambala 0871: kalavati mmodzi, atsike pachikhomo 2+000, padzenje la a Pearson, alandire ndi a Pearson. Analembanso 0872, losonyeza kuti kalavati wong'aluka watsala pakhomo pa a Farida pachilolezo cha injiniya, nkhuku ili momwemo.

Che Rajabu anawerenga 0871 ali pageti, injini ikulira.

"Thu pulasi ziro ziro ziro. Kuchokera pati, achemwali?"

"Pabikoni."

"Nanga madzi akabwera, bikoni ikamira?"

Veronica anatenganso pepalalo, cholembera chili m'manja, n'kuliyang'ana. Kumadzulo, pamwamba pa phiri la Zomba, mitambo inali itayamba kuda.

"Pitani kaye lero," anatero. "Ikuonekabe."